Nsalu za a Olímpia Sizikhomedwa

Ntchito ya a Olímpia ana a masiku ano amaitcha dilepingi. Ine sukulu ndinaisiyira Sitandade 4, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tatopetsana, ndiye mawuwa ndinachita kufunsa kwa eni ake. Anandiyankha mapini ali kukamwa: "Si kuyanika, madala. Si kupachikanso. Nsalu umaisiya igwe yokha, iwe n'kungoigwira m'mapewa." Anatinso azungu amatero ngakhale munthu akadziponya pampando ngati thumba lopanda kanthu. Pamenepo amanena ine.

A Olímpia anafika kuno ku Mwanza ali kumsana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anzawo atabwerera kwawo, mayi awo anatsala, n'kumasoka pakhonde la sitolo ina pa boma. Mwana anakulira pansi pa makina. Anayamba ndi makatani a m'nyumba za anthu a pa boda, kenako nsalu zokongoletsera matenti, zoyera za ukwati, zapepo za maliro. Ine ndimakonza njinga pafupi ndi msika, koma kukagwa ntchito ndimawagwirira makwerero. Amuna awo sankadandaula, ankati maso anga anapuma kale pantchito.

Lamulo lawo ndi limodzi: msomali sukhudza nsalu. Amamanga chingwe, nsalu n'kuipinda mizeremizere, mapini kumbuyo.

Amuna awowo anali a Laston, oyendetsa thiraki ya ku Beira. Poti a Olímpia analibe mudzi kuno, anapita chitengwa, nyumba n'kumanga pamalo a akuchimuna. Mlamu wawo wamkulu, a Liness, zaka zonsezo ankangowatchula kuti a kutsidya.

A Laston anafa chaka chatha, thiraki itagubuduka pamsewu wa ku Tete. Bokosi linafika m'mawa. Kwathu kuno namfedwa amakhala m'siwa, pamphasa, pambali pa bokosi, ndipo sadzuka pokhapokha amayi amugwire mkono. Aliyense ankadziwanso kuti tsiku losudzula akuchimuna ndiwo adzanene ngati a Olímpia ndi mwana wawo Tiyamike akhalebe m'nyumba ija. A Liness anali atayamba kale kuyang'ana kaliridwe. Koma a Olímpia sankalira. Anangotambalala, maso pakhoma.

Anyamata a kumpingo anatulutsa matumba a nsalu zapepo za a Olímpia kuti akongoletse tenti. Anazikoka ngati akuyanika chikopa cha mbuzi, wina n'kutenga hamala.

"Anyamata, eni ake satero," ndinatero ine.

"Madala, khalani pansi, mungatigwere. Bokosi ndi limodzi."

Ndinakhala.

Hamala ija inamveka mpaka m'siwa. Posakhalitsa a Olímpia anatuluka, opanda nsapato, duku litapendekeka. A Liness anali pambuyo pawo.

"Mlamu, bwererani pamphasa."

"Ndibwera."

"Anthu akuona. Ifenso tikuona."

"Akuboola nsalu."

"Mchimwene wanga ali m'bokosi, inu mukulira nsalu?"

"Sindikulira," anatero a Olímpia. Sananame.

Anacheukira kwa ine. "Madala, makwerero."

Ndinagwira. Ndikanatani? Anakwera, nalanda hamala, n'kuyamba kuzula misomali umodziumodzi, akuiponya m'chipewa changa. Amayi oimba analekeza nyimbo pakati, kenako anaiyambiranso poti panalibe china chochita. Azibambo anazolika. A Olímpia anamanga chingwe chawo, n'kupinda nsalu mosafulumira, ngati ali pa ukwati wa mwana wa munthu wina. Ndinkayembekeza kuti makwerero andiuza kanthu, poti munthu akamalira m'mwamba wogwira pansi amamva. Anali zii.

Atamaliza, nsalu inagwa bwino kuposa tsiku lina lililonse. Palibe anayamikira. Anatsika, napukuta manja pachitenje, n'kubwerera pamphasa.

Tsiku losudzula nkhani sinatalike. Akuchimuna anati mkazi amene mtima wake uli pa geni mwamuna asanaikidwe, ndi bwino amasulidwe akachite geni yakeyo. A Liness anawerengera anthu zonse: anadzuka yekha, anakwera m'mwamba pamaso pa azibambo, msozi ngakhale umodzi ayi. A Olímpia anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anati alibe. Anatenga makina a mayi awo, matumba a nsalu, ndi Tiyamike. Pano akuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika, zenera lake lotchinga ndi katoni. Makatani onse aja anasokera anthu, lawo sanapachikebe.

Tsiku lina ndinawaputa. "Mayi, mukanangopirira tsiku limodzi lija, bwenzi muli m'nyumba yamalata. Kapena munkafuna kuyandikira kwa ine?"

Sanaseke, sanakwiye. "Ndinangomva hamala," anatero.

Nsalu zija akuzigwiritsabe ntchito. Mabowo a misomali amawabisa m'mapindo, wosadziwa sangaone. Sabata yatha tinali nazo pamaliro ena kwa Kanduku, ndipo a Liness anabwera, n'kukhala pansi pa nsaluzo penipeni, pamthunzi. A Olímpia anali m'mwamba, akumalizitsa ngodya. Anawaona, n'kutulutsa pini ina kukamwa.

"Gwirani bwino, madala," anatero. "Mukugwedeza."