Mphuno ya Léonie

Chaka chimene Mpingo unalengeza kuti Jeanne, mtsikana amene kalekale anatsogolera asilikali a dziko lathu kunkhondo, ndi woyera, mudzi uliwonse kuno ku Lorraine unafuna chiboliboli chake. Ifenso tinaitana mmisiri wosema miyala wa ku Nancy, bambo Aubry. Nkhope yeniyeni ya Jeanne palibe amaidziwa, choncho mmisiri aliyense ankabwereka ya mtsikana wamoyo.

Atsikanafe tinatchena n'kumazungulirazungulira pabwalo la tchalitchi ngati tataya singano. Mkuluyo anatipitirira tonse, n'kukaima pa Léonie Husson, amene ankachokera kokama ng'ombe, ndowa ziwiri m'manja. Léonie anali ndi mapewa aakulu, ndipo mphuno yake inakhota ng'ombe itamumenya theche ali mwana. Anyamata ankamutcha Chikwakwa.

"Bambo, musavutike kundiseka, ondiseka alipo kale ambiri," anatero Léonie.

"Mwana wanga, Jeanne ankasamala ziweto ngati iwe. Ubwere mawa."

Anamuveka malaya achitsulo, n'kumugwiritsa mpini wa khasu m'malo mwa mbendera, ndipo anayamba waumba mutu wake ndi dongo. Masiku amenewo Léonie ankayenda mutu uli m'mwamba, mpaka kumayankha anyamata.

Kenaka bambo mfumu ndi akazi a meya anabwera kudzaona mutu wadongowo.

"Woyera wa mphuno yotereyi?" anatero mayiwo. "Anthu azipemphera kapena aziseka?"

Mmisiri analimbalimba, koma anagonja, ndipo pamwala anasema nkhope ya Clémence, mwana wa meya. Akuluakulu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe analimba mtima kumuuza Léonie. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Pa chikondwerero cha mu Meyi, Léonie anavala diresi la malemu mayi ake n'kukaima kutsogolo kwenikweni. Nsalu yophimba chiboliboli itachotsedwa, mapewa anali ake, manja anali ake, nkhope ya wina. Anthu anaomba m'manja. Iyenso anaomba nawo.

Sanakwatiwe. Analera ana a mchimwene wake, ankapanga tchizi wokoma kuposa wa aliyense, ndipo Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi n'kupukuta fumbi pa nkhope ya Clémence. Mutu wadongo uja mmisiri anamusiyira, ndipo anaukulunga m'chiguduli n'kuubisa m'khola.

Atakalamba n'kudwala kwambiri, anandituma kuti ndikautenge. Wansembe watsopano, amene anabwera kudzamudzoza mafuta, anauyang'ana nthawi yaitali. Inali nkhope yoti asilikali akhoza kuitsatira.

"Mayi Husson, uyu ndiye Jeanne," anatero. "Ndiloleni ndikamuike m'tchalitchi, anthu amuone."

Ndinkayembekeza kuti Léonie asangalala. Iye anangokokera mutuwo pachifuwa.

"Ayi bambo. Anthu a m'mudzi muno ndimawadziwa ine. Ine ndinazolowera, koma mwanayu sanasekedwepo pagulu."

Tinamuika m'manda mutuwo uli m'manja mwake.