Manda a Amayi M'munda wa Kachewere

Ndinene mosabisa, pofika chaka chimenecho ndinali mphunzitsi wa dzina lokha. Ndinali nditaphunzitsa sosho, phunziro la mbiri ndi kakhalidwe ka anthu, kwa zaka zoposa makumi awiri pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mlangeni. Manotsi anga anali omwe aja ndinalemba ndili mtsikana, kope lake lofiira m'mbali ndi kukalamba. Ndikalowa m'kalasi ndinkapatsa mwana wolemba bwino kopelo kuti akopere anzake pabolodi, ine n'kukhala pakhomo kumaluka zipewa. Mwana akafunsa funso ndinkati, "Zili m'manotsimo, maso ulibe?" Ana ankandiopa, ndipo ine ndinkayesa kuti umenewo ndiye ulemu.

Lachisanu lina mu Okutobala ndinawauza ana a sitandade sikisi kuti Lolemba aliyense abwere ndi chinthu chakale cha kwawo. Musaganize kuti inali nzeru yauphunzitsi ayi. Ndinkangofuna kuti piriyodi ya Lolembayo idzathe yokha, iwo akuonetsana zinthu, ine ndikupuma.

Lolemba anabweretsadi. Wina chibonga cha agogo ake, wina wailesi yakufa, wina phale la mphika. Kenaka mtsikana wina wofatsa, wokhala kumbuyo, anaika mbale patebulo panga. Inali mbale yachitsulo, yoyera, mkombero wake wabuluu, yogamukagamuka ndi dzimbiri. Pakati penipeni panali bowo. Bowolo silinali la dzimbiri. Linali la msomali, lochita kukhomedwa dala.

Kwathu kuno ana a masiku ano sadziwa, koma kale munthu akamwalira ankatenga mbale imene ankadyera, n'kuibowola kuti wina asaitole, n'kukaisiya pamtumbira pake.

"Waitenga kuti iwe?"

"Ababa aifukula kumunda watsopano, Madamu. Zilipo zingapo. Ina amayi akuvundikirira ndiwo."

"Mundawo uli kuti?"

"Kuseri kwa phiri, ku tsala la marefuji."

Ndinakhala pansi. Ku tsala limenelo ndi kumene kwagona amayi anga ondibereka. Pa sukulu yonseyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa zimenezi.

Ine sindinabadwire kuno. Ndinabadwira kutsidya kwa msewu waukuluwu, ku Mozambiki. Nthawi ya nkhondo ya kumeneko ndinawoloka ndi amayi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, titasiya bambo amene sitinawaonenso. Anatiika mu kampu ya othawa nkhondo, aja amati marefuji, kuseri kwa phiri lomwelo. Dzinja lachiwiri kunagwa kolera, ndipo amayi anadwala tsiku limodzi ndi theka basi. Alendofe sitinkaikidwa kumsitu wa manda a eni mudzi. Anatipatsa malo apambalambanda kumunsi kwa kampu, ndipo anthu ankaikidwa mofulumira, chifukwa tsiku limodzi kunkachitika maliro angapo. Ana sapita kumanda, choncho ine anandisiya kumsasa. Ndinangoona mayi wina akukhoma mbale ya amayi ndi msomali pamwala. Patapita masiku ndinazemba masana n'kukaiona mbaleyo pamtumbira, pakati pa mtengo wa msuku ndi chulu.

Anandilera ndi mayi ena a m'mudzi wapafupi, amene amayi ankawagwirira ganyu. Anali munthu wabwino, Mulungu awasunge kumene ali. Koma pamene malole anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo nkhondo itatha, anandibisa m'nkhokwe, nandiuza kuti, "Iwe ndiwe wanga. Kumanda kuja usamapiteko, anthu angakumbuke kuti ndiwe wa kutsidya." Kubisala kunali kosavuta. Chinenero ndi chimodzi, ziwongo ndi zomwezo, ngakhale ngoma timavina imodzi. Ndinakula, ndinaphunzira, ndinalowa ntchito ya boma ngati mwana wa m'mudzimo. Poyamba anali mantha oti ntchito ingandithere. Mantha atatha panatsala manyazi. Kuchokera pa sukulu kukafika kumandako ndi ulendo wa ola limodzi wapansi, koma zaka zonsezo sindinapondeko.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mutu wa othawa nkhondo unalimo m'manotsi anga. Mizere inayi. Chaka ndi chaka ana ankakopera kuti othawa nkhondo ndi anthu amene amachoka m'dziko lawo chifukwa cha nkhondo, n'kuloweza, n'kulemba mayeso, ine ndili pakhomo ndi ulusi wanga.

Tsiku lomwelo titaweruka ndinamuuza mtsikanayo kuti anditsogolere. Dzuwa linali loswa mtengo. Titazungulira phiri ndinaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Abale inu! Sindinazindikire kalikonse. Mitengo yonse inapita ndi makala. Chulu anachigumula kalekale owumba njerwa. Panali mizere yokhayokha, yatsopano, yofiira psuu, kuyambira m'munsi mwa phiri mpaka kukhwawa.

Bambo a mtsikanayo anali pakati pa mundawo ndi khasu. Atandiona anavula chipewa n'kubwera akumwetulira. Ndinamuzindikira pomwepo. Anali mwana wanga wa m'kalasi, wa m'gulu loyambirira lenileni limene ndinaphunzitsa, tsopano bambo wa ana asanu.

"Takulandirani, Madamu. Kaya mwanayu walakwanji kusukulu?"

Ulemu wonse unandithawa. Ndinamukalipira ngati akadali pa benchi.

"Iwe! Mutu wako ukuyenda bwino? Ukulima pamanda! Mbale zimene ukufukulazi ukuziyesa za chiyani? Mkazi wako akuvundikirira ndiwo mbale ya maliro! Amayi anga ali pansi apa, iwe ukuwapondaponda ndi khasu lako!"

Khasu linagwa m'manja mwake. Anasuntha phazi, n'kulisunthanso, ngati waponda moto, koma paliponse pamene akanaponda panali pomwepo. Ndinaona kuti sankadziwadi. Kenaka anayankhula motsitsa.

"Madamu, ine ndimayesa ndi dzala la pakampu. Tsalali andipatsa chaka chino chifukwa kumunda kwa amayi tagawana anthu asanu ndi mmodzi, sikukwanira. Palibe anandiuza za manda." Anawonjezera kuti, "Za marefuji munandiphunzitsa ndinu, Madamu. Ndinakhoza ndithu. Koma simunanenepo kuti anali pano. Ine ndinkayesa ndi za kumayiko akutali."

Sanalankhule mwachipongwe. Bwenzi zili bwino akanandichita chipongwe, ndikanapeza pomugwira.

Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a mudzi. Anati amene anapereka malo a mandawo onse anamwalira, ndipo otsalawo sankagwirizana kuti mandawo ankayambira pati n'kulekezera pati. Kuti munthu asiye munda wonse, ana ake adya chiyani? Mbewu ya kachewere anali atagula kale, ili m'nyumba ikumera maso. Anagamula kuti ine ndiloze pamene pali amayi anga mvula yobzalira isanagwe, ndipo pamenepo pasiyidwe. Bamboyo anavomera ndi mtima wonse.

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi opanda kope lija. Ndinatseka chitseko, ndinaima kutsogolo, ndinaika mbale ija patebulo.

"Lero simulemba. Ikani zolembera pansi. Mukamamva kuti refuji, ndi ine ndaima panoyu."

Ndinawauza zonse. Za kuyenda m'tchire amayi atanditseka pakamwa ndi chitenje kuti ndisatsokomole. Za mzere wolandirira nandolo ndi ufa wachikasu. Za fungo la mankhwala amene ankathira m'msasa wa odwala. Kalasi ya ana oposa makumi asanu ndi atatu inangoti zii, moti ndinkamva mbuzi zikulira kuseri kwa zimbudzi. Ndinalira pamaso pawo, ndipo sindinachite nazo manyazi. Nditamaliza manja anakwera m'mwamba ambirimbiri. Nkhondoyo inayamba bwanji? Bwanji malire anadutsa pakati pa anthu apachibale? Anawalemba ndani? Ena mwa mafunsowo sindinkadziwa mayankho ake, ine mphunzitsi wa zaka zonsezo. Loweruka ndinakwera minibasi kupita kuboma kukabwereka mabuku.

Ndinali ndi milungu isanu kapena isanu ndi umodzi mvula isanagwe, ndipo ndinalibe wina wondithandiza koma ana omwewo. Ndinawatuma kuti aliyense akafunse munthu wamkulu wa kwawo zimene akukumbuka za kampu ija. Ndinawaphunzitsa kafunsidwe kake: ugwade, upereke moni, usamudule pakamwa, ulembe mmene wanenera, osati mmene iwe ukufunira. Ufunse ngati anaona ndi maso kapena anangomva. Anabwera nazo nkhani, mayo ine! Gogo wina anakumba nawo manda ambiri mpaka manja anatuluka matuza. Mayi wina ankagulitsa masuku pachipata cha kampu. Ana atatu anatulukira kuti agogo awo enieni anali a kutsidya, ankangobisa ngati ine. Mmodzi anabwera akulira, akuti kwawo amukalipira kuti asadzafunsenso.

Tinamata mapepala a matumba a simenti pakhoma n'kujambula mapu. Apa panali mjigo, apa chipatala cha matenti, apa njira yopita kukhwawa. Mapu ndinkawaphunzitsa chaka chilichonse, koma aka kanali koyamba kuti ana anga akanganirane kuti kumpoto ndi kuti. Wina akanena kuti msuku unali kumanja kwa njira, mnzake ankati, "Wakuuza ndani? Anaona yekha?" Ndikamva choncho ndinkakondwera kwambiri. Ndinayamba kufika pa sukulu a hedi asanafike. Aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti Madamu a sosho alowa mpingo watsopano. Ndinkawayankha kuti asiyeni okalamba avine, nyimbo aidziwa mochedwa.

Koma kunena zoona, chimene chinkandidzutsa m'mamawa sichinali chikondi cha ntchito chokha. Ndinkafuna amayi anga. Ndipo mapu athu, ngakhale anakula mpaka kudzaza khoma, pa nkhani ya msuku ndi chulu anakanika. Gogo wokumba manda uja tinamutengera kumundako pa njinga. Anayenda ndi ndodo yake, anaima, analoza kumtunda. Patapita kanthawi analoza kumunsi. Kenaka anati, "Mwana wanga, misuku inalipo yambiri. Ndikanama." Mayi wogulitsa masuku uja anati chulu chinali pafupi ndi khwawa. Wowumba njerwa wina anati zulu zinalipo ziwiri, ndipo zonse anagumula ndi iyeyo. Mbale ija nayo sikanatithandiza. Mbale zoterozo tinalandira tonse mu kampu, zofanana, ndipo bamboyo sankakumbuka mzere umene anaifukula.

Mvula inagwa Lachitatu masana, yamphamvu, ya fungo la dothi lija. Ana anathamangira m'mawindo akukuwa ndi chisangalalo. Ine ndinaima pabolodi choko chili m'manja, ndikudziwa kuti nthawi yanga yatha.

M'mawa mwake bamboyo anabwera yekha pa sukulu, chipewa chili m'manja. Anati, "Madamu, pepani. Chinyezi chikapita ndiye kuti ndagona ndi njala chaka chonse." Sindinamuyankhe mokalipa. Akanatani munthu?

Tinapita kalasi yonse, ndi akuluakulu awiri a mudzi ngati mboni. Matumba a mbewu anali kale m'mphepete mwa munda, mkazi wake atakhala pambali pake, maso ali pansi. Ana anatambasula mapu awo, anayeza ndi chingwe kuchokera pamene panali mjigo, ndipo anafika pa chigawo chachikulu ngati bwalo la mpira. Kupitirira apo mapuwo analibe chonena. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinalowa m'mizeremo, matope akukakamira ku nsapato. Ndinkayembekeza kuti mwina thupi lindiuza, mwina phazi lilemera, mwina mtima ugunda mwa mtundu wina ndikafika pamene pali munthu amene anandibereka. Anthu amatero m'nkhani zawo. Ine sindinamve kanthu. Paliponse linali dothi lonyowa lofanana. Ndinayenda mpaka kumapeto, ndinabwerera, ndinayendanso. Milungu yonseyo ndinali ndikuuza ana aja kuti usanene chimene sunachione, ndipo tsopano anali ataima m'mphepete, akundiyang'ana.

"Ndi pati, Madamu?" anafunsa bamboyo.

Ndikanati sindikudziwa, munda wonse ukanabzalidwa tsiku lomwelo. Ndinatambasula dzanja n'kuloza.

"Apa."

Anadula mizere itatu, anaisalaza ndi khasu, ana anatuta miyala n'kuzunguliza. Mmodzi mwa akuluakulu aja anapemphera. Tisanachoke n'komwe, kumtunda anali atayamba kale kuponya mbewu m'mapando.

Pobwerera mtsikana uja anayenda pafupi nane. Titatsala pang'ono kufika anandifunsa motsitsa mawu kuti anzake asamve.

"Madamu, pa mapu tilembe kuti munaona, kapena munangomva?"

Ndinamuyankha tikuyendabe.

"Ulembe kuti Madamu analoza, koma sakudziwa."