Esnati ndi Mkaka wa Amalume Ake

Esnati Zikhale anakulira ku Area 14, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya mabwana. Mayi ake atamwalira kumudzi, amalume ake a Benedicto, omwe ankasamalira maluwa pakhomopo, ndiwo anamutenga n'kumulera. Atamaliza maphunziro analembedwa ntchito yoyendera masitolo, kuona ngati zakudya zogulitsidwa zili bwino. Apo n'kuti amalumewo atasiya za maluwa n'kutsegula golosale pafupi ndi Msika wa Lilongwe.

Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, magetsi anavuta kwambiri. Esnati ndi mnzake wa kuntchito, Maynard, anayenda sitolo ndi sitolo mpaka anafika pa golosale ya amalumewo.

"Apa tidumphe, ndidzabwera ndekha mawa," anatero Maynard.

"Pofika mawa ana adzakhala atamwa kale," anayankha Esnati, uku akulowa.

Atangotsegula filiji, fungo linamuwomba kumaso. Mapaketi a mkaka anali atafufuma, yogati akuchita thovu.

"Malume, zonsezi tikutenga. Lamulo sililola kuti zigulitsidwe."

"Iwe Esnati, ine amene?" anakalipa a Benedicto. "Kodi chambiko sichikhala chowawasa?"

"Uku si kuwawasa, malume, n'kuwola. Mwana akamwa izi akagona kuchipatala."

Esnati ananyamula yekha makileti a mkaka ndi yogatiyo kukakweza m'galimoto. Anthu anali ataunjikana, ndipo mayi wina anati, "Kulera mwana wa mwini n'kudzipalira makala a moto." Esnati anamva, koma sanacheuke. Amalume ake anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo.

Loweruka Esnati anapitabe kugolosale kuja, atanyamula ndowa ndi sopo. Moni wake amalumewo sanamuyankhe. Iye anavula nsapato, n'kugwada, n'kutsuka filiji yonse mpaka fungo litatha. Potuluka anati, "Mkaka muzioda pang'onopang'ono, malume. Wina muziika wa ufa, suwonongeka msanga."

A Benedicto anangoyang'ana kumsewu.

Mvula inabwera n'kupita asakulankhulana, koma Esnati sanaleke kupitako. Tsiku lina masana ali ku ofesi ku City Centre, foni yake inalira.

"Magetsi azima kuyambira m'mawa," anatero amalumewo, osapereka n'komwe moni. "Yogatiyu nditani naye?"

Esnati anatenga chikwama chake n'kuthamangira minibasi.