Chisoti cha Agogo Namakhwa

Agogo Namakhwa ndikawakumbukira, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la thukuta losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu, lomwe linkatuluka m'chisoti chawo cha njinga yamoto akachivula pakhonde. Njinga yamotoyo analibe. Anali ndi yakapalasa, yolira ngati kamwana ka mbuzi, imene ankapitira ku esiteti kukalondera geti la fakitale ya tiyi.

Chisoticho anawapatsa a manejala ena ochokera ku Mzuzu. Chinali chitagwa kuchokera pa mpando wa njinga yawo yamoto n'kumenya simenti, ndipo eni ake anati chatha ntchito, ngakhale kunja kwake kunalibe ndi kokalika komwe.

"Chatha pati?" agogo ankafunsa aliyense. "Anthu a sukulu amataya zinthu."

Ankachivala kulikonse: kumsika wa Luchenza, kumunda wa nthochi, ngakhale kutchalitchi, komwe ankachivulira pakhomo n'kuchikhazika pa benchi ngati mlendo. Akaweruka ankakhala dala pansi pa mtengo wa mapeyala. Peyala likagwa, chisoti chinkati phwa, kubonyoka pang'ono n'kubwerera m'malo, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Alendo ankawapatsa mthiko kuti ayesere okha kuchimenya.

Agogo aakazi, omwe ankasankha maungu pogogoda ndi chala, tsiku lina akuchipukuta anachigogoda mbali zonse. Pena chinkalira ngati mbale, pena ngati dzungu lowola.

"A Namakhwa, ichi chafa m'kati."

"Inu mumadziwa maungu. Izi n'za mainjiniya."

Loweruka lina m'mawa, chifunga chitakuta minda, tinanyamuka kupita ku ukwati ku Khonjeni, ine ndili pakaliyala nditafungata tambala wamphatso. Pachitunda njinga inkakwawa moti amayi obereka madengu a tiyi ankatipitirira akupereka moni. Tambala anakupiza mapiko, agogo anacheuka, ndipo tinapendeka pang'onopang'ono, ine kugwera m'tiyi, iwo mutu kukagunda mtengo wa bulugamu. Kugundako sikukanaswa ndi dzira lomwe, koma chisoti chinayasama kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo, n'kusendeka magawomagawo ngati kabichi, ulusi woyera utatuluka ngati ndevu za chimanga.

Agogo anakhala pansi, chotupa chikumera pachipumi, amayi aja atawazinga. Anatola zibenthuzo n'kuziyang'anitsitsa.

"Mwaona? Chikanapanda ichi, ukanakhala mutu wanga uwu."

Ku ukwati anafika atachivala, atachimanga ndi mphira ya tayala.

Lero ndimaphunzitsa ku Thyolo Boma, ndipo anyamata a kabaza wa njinga zamoto amandidziwa kuti mayi uja woyenda ndi chisoti chakechake m'jumbo. Chawo ndimakana, chiwale bwanji, chifukwa sindidziwa kuti chinagwapo kangati. Amati ndine wonyada. Mwezi watha ndinapita ndi changacho kumaliro, ndipo amayi ophika anachilandira ndi manja awiri, kuganiza kuti ndi mphika wa ndiwo.