Sikelo Yachiwiri Inandifulumizitsa Ukwati

Ku esiteti kwathu ku Thyolo, mzere woyezetsa tiyi pasikelo unkatalika moti bambo wina analowamo ndi tsitsi lakuda n'kutulukamo ndi imvi. Ndikulumbira, imvizo ndinaziona ndi maso angawa.

Ine sindinkadandaula. Kutsogolo kwanga kunkaima mtsikana wa ku Masambanjati, ndipo ndinkamufunsira pang'onopang'ono, liwu limodzi patsiku.

Kenako akapitawo anabweretsa sikelo yachiwiri. Kalanga ine, mzere unayamba kuthamanga ngati madzi a mvula. Ndisanamalize n'komwe "mwaswera bwanji", dengu la mtsikana uja linali litayezedwa kale.

Tsiku lina anatembenuka. "Achimwene, mzere ukuthatu uwu. Nenani zomwe mukufunazo."

Ndinakhuthula zonse osapumira. Lero ndi mayi akunyumba, ndipo akundifulumizitsabe.