Akuti Sindine Woyenera Kuuzidwa za Mwana Wanga

Lero ndi Lachisanu. Mwana wanga Tiyamike sanandiyankhule chiyambire Lamlungu. Ndipo kampani imene inamukonzera ulendo, yomwe ili ndi ofesi konkuno ku Dublin, yandiuza pamaso panga kuti sindine woyenera kuuzidwa kanthu. Ine amene ndinamubereka! Werengani abale, chifukwa ndikapanda kulemba ndiphulika.

Tiya ali ndi zaka 23, ndi nesi ku chipatala cha Beaumont. Anasunga ndalama chaka chathunthu kuti akaone zilumba za ku Indonesia, chikwama kumsana, pena pa basi pena pa boti. Ine ndinakana. Munthu wanzeru zake n'kusiya bedi kukagona m'maboti a matabwa? Koma ana okulira kuno mukuwadziwa, iwe Chichewa iye Chingerezi: "Mum, relax." Kuti mtima wanga ukhale pansi, anawonjezera 85 euro pa chimene kampaniyo imati chitetezo cha apaulendo. Pa pepala lawo analemba kuti china chikachitika, banja lidzadziwitsidwa nthawi yomweyo.

Cholakwa changa ndichinene ndekha, asachite kundinenera ena. Pa fomu panali malo olemba munthu woti adziwitsidwe zikavuta. Tiya anayamba kulemba dzina langa, ine n'kumugwira dzanja. Ndinati kwathu ku Ntcheu nkhani yaikulu ya mwana siyambira kwa mayi, imayambira kwa malume, eni mbumba. Lemba achimwene anga, a Fanuwelo. Ndinkati ndikumuphunzitsa mwambo, osadziwa kuti ndikudzipalira makala a moto. A Fanuwelo ali kumudzi. Foni yawo imayaka akapita kukatchaja pamsika, ndipo sukulu analekezera Sitandade 5.

Lamlungu 7:20 m'mawa Tiya ananditumizira chithunzi akukwera boti. Anati ndi ulendo wa masiku awiri panyanja, netiweki kulibe, adzaimba Lachiwiri akafika pa chilumba chinacho. Lachiwiri kunali zii. Lachitatu ndinaimba nambala ya zamwadzidzidzi ya kampaniyo. Anandiimbira nyimbo mphindi 40, kenaka foni n'kuduka. Lachinayi ndinalemba imelo. Inayankha ndi kompyuta, ati ndidikire masiku asanu ogwira ntchito. Masiku asanu! Munthu ali pamadzi amadikira masiku ogwira ntchito?

Lero ndinapempha mnzanga andigwirire shifiti kumene ndimasamalira okalamba ku Blanchardstown. Ndinakwera basi, 9:35 ndinali mu ofesi mwawo. Pakhoma zithunzi za mchenga woyera ndi anthu akusekerera. Mtsikana wa pa desiki anandilandira bwino, kapu ya khofi ili m'manja. Ndinatchula dzina la mwana wanga, iye n'kulilemba pa kompyuta.

Abale, ndinamuona. Anasiya kumwetulira. Anaika kapu pansi. Kenaka anatembenuza kompyuta pang'onopang'ono kuti ndisaone.

Anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinati mayi ake. Ati dzina langa palibe pa fomu, choncho lamulo silimulola kundiuza kalikonse. Ndinatulutsa kalata ya kubadwa kwa Tiya, dzina langa lili pomwepo. Ati wayiona, koma Tiyamike ndi munthu wamkulu ndipo anasankha yekha woti adziwitsidwe. Ndinati chabwino, zina zonsezo sungani, ingondiuzani chimodzi: ali moyo? Ati sangavomere, komanso sangakane. Kenaka anandifunsa ngati ndingamwe tiyi.

Tiyi! Ndinasiya ntchito kudzamwa tiyi ine?

Manijala anatulukira 11:10, bambo wamtali woyankhula mofatsa ngati wansembe. Ati asandinamize, iwo mbali yawo anachita. Ati banja linadziwitsidwa kale Lachiwiri, 2:15 masana. Banja liti? Ati munthu amene ali pa fomu. Ati anamuimbira, anayankha, anavomera kuti wamva, iwo n'kuchonga. Ndinafunsa kuti anayankhula nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana pa kompyuta. Masekondi 48.

Ndinaimbira achimwene pomwepo. Foni yozima. Ndinaimbira mayi wina wa golosale pafupi ndi kwathu, n'kumupempha akawaitane kudimba. Ndinakhala pampando wa mu ofesimo foni ili m'manja. 12:05 achimwene anaimba.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Achimwene, Lachiwiri anakuimbirani mzungu?"

"Eya, anaimbadi. Koma amathamanga ngati wailesi. Ndinangomva dzina la Tiyamike, ndiye ndinati yesi, yesi, thenkyu. Ndimayesa ndi akuntchito kwake akupereka moni."

"Osandiuza ine?"

"Mayunitsi analibe, achemwali. Kodi mwanayo watani?"

Ndinatembenukira kwa manijala. Amene ankadziwa kuti mwanayo watani anali ataima patsogolo panga, manja ali m'thumba.

Ndinakweza mawu a foni kuti onse amve. Ndinati nawa a Fanuwelo amene mukuwafuna, auzeni tsopano, ine ndimasulira. Achimwene anachita kufuula kuti auzeni mayi akewo zonse, ndavomera ine malume ake. Manijala anapukusa mutu. Ati sangalandire chilolezo chimene womasulira wake ndi ine ndemwe wofuna kuuzidwa. Ndinati pezani womasulira wanu. Ati alibe wa Chichewa. Ati a Fanuwelo alembe kalata, asaine, atumize pa imelo pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti. Pasipoti? Munthu amene ulendo wake wautali ndi wa ku Balaka? Ati ndiye nkhaniyi aipereka kwa amene amaona zotere, koma iyeyo abwera Lolemba.

Masekondi 48 ndi munthu wosamva chinenero chanu anakukwanirani kuti muchonge kuti banja ladziwa. Koma mayi ali pamaso panu ndi kalata m'manja, pamenepo ndiye mwakumbukira lamulo?

Ndinatsika pampando n'kukhala pansi pakati pa ofesi, miyendo tambalale, monga timakhalira kwathu zinthu zikavuta. Pa desiki ina panali mnyamata ndi chibwenzi chake akusankha ulendo. Anasiya kusankha, n'kumandiyang'ana. Apo m'pamene manijala anagwada pafupi nane n'kuyamba kunong'ona. Ati izi sakuyenera kunena ndipo ndisadzamutchule. Ati botilo linafika, koma Lachitatu, mochedwa ndi tsiku limodzi. Ati chikwama cha Tiyamike chili pa nyumba ya alendo imene ankayenera kufikira, achisunga bwinobwino.

Ndinati nanga mwini wake?

Anadzuka, n'kusasa fumbi pa bondo. Ati wanena kale zambiri.

Ndikulemba izi ndili panjira kupita kupolisi, kuchoka kumeneko ndipita ku ofesi ya boma yoona za kunja. Koma inu a kampani, ndikudziwa kuti muwerenga. Ngati boti linafika Lachitatu, Lachiwiri lija munkawauza chiyani achimwene anga? Munadziwa chiyani boti lisanafike? Ndani anatsitsa chikwamacho?

Anzanga amene ana anu akuyenda, tsegulani mafomu awo lero lomwe. Malume alemekezeni pa ukwati ndi pa chinkhoswe. Pa fomu lembani amene foni yake imayaka.

Ndipo inu bambo manijala, musagone mukuganiza kuti mwanditonthoza ndi nkhani ya chikwama. Tiya ali ndi mphumu kuyambira ali wakhanda. Mankhwala ake opopera ndinaika ndekha m'thumba la m'mbali mwa chikwama chimenecho, onse awiri. Mwasunga chikwama, zikomo. Nanga mwana wanga akupuma ndi chiyani?