Mlonda wa agogo Zuze

Masawu akamauma padzuwa amatulutsa kafungo kowawasa, kotsekemera pang'ono, kokanirira m'malaya. Kafungo kameneko kanadzaza pakhomo pathu kwa Tengani m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinapatsidwa ntchito yanga yoyamba, ya ulonda. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo amene ndinkawalondera anali agogo Zuze, bambo awo a amayi anga.

Agogowo zaka zawo sankazidziwa, koma miyendo yawo inkadziwa njira ya kudimba. M'mawa uliwonse ankasenza khasu n'kutsetsereka kulowera ku Shire, kumene madzi akaphwa ankasiya dothi lakuda, lofewa ngati phala. Ankabzalako mbatata, nyemba ndi maungu. Masana ankakhala pamthunzi ndi anzawo awiri, okalamba ngati iwo, n'kumanyozana m'Chisena za amene adzayambe kufa. Madzulo ankabwera ndi kholowa ndi tinsomba tiwiri titatu, mapazi ali mbuu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi moiwononga.

Tsiku lina anagwa pakati pa mizere. Anali malungo chabe. Anawatengera kuchipatala pa kabaza, ndipo patatha sabata anali atayamba kale kufunsa za mbatata zawo. Koma amalume, amene ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe, anafika atamangirira mpando wapulasitiki panjinga. "Anthu atiseka," anatero. "Mwana ali pantchito, bambo n'kukafera m'munda? Ayi, bambo apume." Khasu analibisa, dimba analipatsa waganyu, ine n'kuuzidwa kuti ndisawachotse diso.

Ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Kumjigo sindinkapitako, mbuzi ankakusa ena. Kusukulu ndinkangopita mwa apo ndi apo, choncho kuwerenga ndinkadziphunzitsa ndekha pa zidutswa za nyuzipepala zimene amalume ankakulungira sopo. Ndinkakhala pamphasa pambali pa mpandowo n'kumawerenga mokweza, mawu ovuta ndikuwalumpha ngati matope. Chidutswa chikathera pakati pa nkhani, agogo ankaseka. "Achimwene," ankatero, poti ndi mmene ankandiitanira, "nkhani zanu zimathera panjira ngati ine."

Anzawo aja anabwera masabata oyamba, koma kwa iwo kunali kutali, ndipo anayamba kudumphitsa masiku. Amalume ankatumiza shuga ndi buledi. Agogo ankamwa tiyi, bulediyo n'kupatsa ine. Tsiku lonse ankangotsatira mthunzi, amayi akuwakokera mpando kuchoka kum'mawa kwa nyumba kupita kumadzulo.

M'mawa wina amayi atapita kuchigayo, agogo anadzuka n'kutenga ndodo. "Achimwene, ndikangoona mbatata. Sindigwira kanthu. Inu pitirizani kuwerenga." Anadutsa khola la mbuzi, akuyenda bwinobwino, msana uli chilili. Ine ndinadzambatuka ngati mlonda woona mbava. Ndinathamanga n'kuwagwira malaya, ndikukuwa mudzi wonse kuti umve: "Agogo akuthawa!" Azimayi oyandikana nafe anatuluka, manja ali ndi ufa. Anawagwira mkono uku ndi uku mwaulemu wonse, akuti pepani agogo, pepani, mpaka kuwakhazikanso. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Takhuta, apolisi," anatero, kuthokoza kwa Chisena kumene sindinakumvepo kukupweteka choncho. Amalume atamva anandibweretsera nyuzipepala yathunthu, yoyamba m'moyo wanga, ndipo ndinanyada mpaka kugona nayo.

Agogo sanayesenso. Mapazi anayamba kutupa, nyimbo zinatha. Mmodzi wa anzawo atamwalira, tinawauza maliro ataikidwa kale, poopa kuti angafune kuyenda. Anangofunsa ngati kunali anthu ambiri. Pamene mphepo yotentha inkayamba kuulutsa fumbi, kudzuka pampando kunkafuna anthu awiri.

Titawapititsanso kuchipatala, namwino anawapinda mawondo n'kufunsa kuti amayenda mtunda wotani patsiku. Amalume anayankha monyadira kuti sayenda n'komwe. Namwinoyo anayang'ana amalumewo kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kunena kuti munthu wamkulu ukamuletsa kuyenda, thupi limaiwala. Mawa lake ntchito yanga inasintha: tsopano ndinayenera kuwayendetsa. Anatsamira paphewa langa, akulemera ngati thumba lonyowa, tikukwekweza mapazi. Sitinapitirire mapazi makumi awiri. Anakhala pansi m'fumbi, akupuma movutikira, n'kundisisita m'mutu. "Basi, achimwene. Tafika."

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti imfa imakhala kumtsinje, ndipo kuti ine ndinaitsekera njira. Lero mawondo anga nawonso ayamba kulankhula ndikamadzuka, ndipo mwana wanga wamkazi akandiona ndikutuluka amati, "Ababa, tapumani, tilipo ife." Ndimathokoza n'kupitabe. Koma ndikudziwa kuti tsiku lina adzandigonjetsa, chifukwa amandikonda.